Mwana angabadwe bwanji ndi chimene makolo ake alibe? Tiyeni tiimvetse 3:1

Mwina munazionapo kumudzi kwanu kapena m'tauni momwe mukukhalamo. Bambo ndi wakuda, mayi ndi wakuda, agogo a mbali zonse ndi akuda, koma mwana wabadwa wachialubino. Mwanayo asanatuluke n'komwe m'chikuta, manong'onong'o ayamba kale. Ena akuti mayiyo anazembera mwamuna wake, ena akuti ndi ufiti. Achibale a kuchimuna ndiye akungoti, "Kumtundu kwathu kulibe zimenezi." Mabanja ena athera pomwepo.

Inu amene mukuphunzira Biology muli nalo yankho la nkhani imeneyi m'makope mwanu, kungoti ambiri mumaliloweza ngati chiphunzitso cha mayeso basi: 3:1. Lero ndikufuna tione kumene nambala imeneyi inachokera, chimene imatanthauza, komanso chimene siitanthauza. Kuti timvetse bwino, tisiye kaye za anthu, tipite m'dimba la nsawawa ku Ulaya zaka zoposa 150 zapitazo, chifukwa n'kumene yankholi linapezekera.

Wansembe amene ankawerenga njere

Gregor Mendel anabadwa mu 1822 m'banja la alimi, m'dera lomwe lero lili m'dziko la Czech Republic. Anali wansembe wa Chikatolika ndipo ankakhala m'nyumba ya ansembe mu mzinda wa Brno. Anaphunzirako masamu ndi sayansi ku yunivesite ya Vienna, koma mayeso oti akhale mphunzitsi wovomerezeka anawalephera kawiri konse. Amene mwakhumudwa ndi zotsatira za teremu yatha, imeneyo isungeni.

Pa nthawi imeneyo anthu ambiri ankaganiza kuti makhalidwe a makolo amasakanikirana mwa mwana ngati mkaka mu tiyi. Ukathira mkaka mu tiyi, sungaupatulenso. Ndiye ngati zinalidi choncho, chinthu chimene chasowa mwa ana sichikanatulukiranso mwa adzukulu. Koma alimi ndi oweta ziweto ankaona kuti zimatulukira ndithu. Mendel anafuna kudziwa lamulo lake.

Anasankha nsawawa pa zifukwa zomveka. Duwa la nsawawa lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi pamodzi, ndipo limadzipatsa lokha mungu lisanatseguke n'komwe. Choncho ukalisiya, umadziwa kuti "bambo" ndi "mayi" ndi chomera chomwecho. Ukafuna kukwatitsa zomera ziwiri, umadula timitu ta mungu pa duwa lina lisanakhwime, n'kubweretsa mungu wa duwa la chomera china. Chinanso n'chakuti nsawawa zili ndi makhalidwe osavuta kusiyanitsa: njere ndi yosalala kapena yamakwinya, chomera ndi chachitali kapena chachifupi. Palibe za pakatikati.

Anayamba ndi mitundu 34 ya nsawawa, n'kuiyesa zaka ziwiri kuti aone ngati mtundu uliwonse ukubereka zofanana ndi iwo wokha, kenako anasankhapo 22. Kuyambira 1856 mpaka 1863 anadzala zomera pafupifupi 28,000. Chimene chinamusiyanitsa ndi ena amene anayesapo zoterezi n'chophweka: ankatsata khalidwe limodzi pa nthawi imodzi, ndipo ankawerenga chilichonse.

Makwinya anasowa, kenako anabwerera

Tiyeni titenge khalidwe limodzi, kaonekedwe ka njere. Mendel anakwatitsa nsawawa za mtundu wosalala weniweni ndi za mtundu wamakwinya weniweni. Ana oyamba, amene m'mabuku mwanu amalembedwa F1, onse anatuluka osalala. Panalibe njere yamakwinya ngakhale imodzi, ndipo panalibe ya makwinya pang'ono.

Apa wina akanati makwinya atheratu. Koma Mendel anadzala njere za F1 zija n'kuzisiya kuti zidzipatse zokha mungu. Kuchokera pa zomera 253 anakolola njere 7,324 za mbadwo wachiwiri, F2. Ataziwerenga, zosalala zinali 5,474, zamakwinya 1,850. Tengani kakyuleta mugawe 5,474 ndi 1,850. Mupeza 2.96. Ndiye kuti pa njere iliyonse yamakwinya panali zosalala pafupifupi zitatu.

Anachita chimodzimodzi ndi makhalidwe ena asanu ndi limodzi. Taonani ena mwa iwo:

- Njere zachikasu 6,022, zobiriwira 2,001. Kugawa kwake ndi 3.01.
- Zomera zazitali 787, zazifupi 277. Kugawa kwake ndi 2.84.
- Makoko obiriwira 428, achikasu 152. Kugawa kwake ndi 2.82.
- Makoko ofufuma 882, ofinyika 299. Kugawa kwake ndi 2.95.

Onani zinthu ziwiri. Choyamba, paliponse khalidwe limodzi linasowa mu F1 n'kubwereranso mu F2 lili lathunthu, osasintha. Za mkaka mu tiyi zija zinafera pamenepa. Chachiwiri, palibe pamene panatuluka 3 ndendende. Nambala zonse zikungozungulira 3. Mfundo yachiwiriyi isungeni, tibwererako.

Chikuchitika n'chiyani mkatimu?

Mendel analibe njira yoonera mkati mwa selo mmene tionera lero, koma masamu anamuuza kuti khalidwe lililonse limalamulidwa ndi tinthu tiwiri, kena kochokera kwa kholo ili, kena kwa kholo linalo. Tinthu timeneti sitisungunuka kapena kusakanikirana. Lero timati majini. Chonde osasokoneza ndi majini a mizimu aja mumamva kwa asing'anga. Jini la mu Biology ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira chinthu china m'thupi, nthawi zambiri puloteni. Dzina limeneli linabwera mu 1909 ndi wasayansi wa ku Denmark, Wilhelm Johannsen, Mendel atamwalira kale.

Majini amakhala pa ma chromosome, ndipo ma chromosome amakhala awiriawiri. Munthu ali ndi 46, kutanthauza mapeya 23. Nsawawa ili ndi 14, mapeya 7. Pa peya iliyonse, chromosome imodzi inachokera kwa mayi, ina kwa bambo. N'chifukwa chake jini lililonse muli nalo kawiri.

Jini limodzi limatha kukhala ndi mitundu yosiyana. Mitundu imeneyi ndi imene timaitcha ma allele. Jini la kaonekedwe ka njere lili ndi allele ya kusalala, tiilembe R, ndi allele ya makwinya, tiilembe r. Popeza chomera chili ndi malo awiri, chingakhale RR, Rr kapena rr.

Mawu amene MANEB idzakufunseni ndi awa, ndipo ndi osavuta mukawamvetsa:

- Genotype ndi ma allele amene chamoyo chili nawo: RR, Rr kapena rr.
- Phenotype ndi chimene chikuoneka: kusalala kapena makwinya.
- Homozygous ndi pamene ma allele awiriwo ndi ofanana: RR kapena rr.
- Heterozygous ndi pamene ndi osiyana: Rr.
- Allele ya dominant ndi imene imaonekera ngakhale ili imodzi. Timailemba ndi chilembo chachikulu.
- Allele ya recessive ndi imene imaonekera pokhapokha zikakhala ziwiri. Timailemba ndi chilembo chomwecho koma chaching'ono.

Tsopano lamulo lenilenilo nali. Popanga mungu kapena dzira, umuna kapena dzira la mayi, maselo amagawikana m'njira yotchedwa meiosis, ndipo mapeya aja amalekana. Selo lililonse loberekera, limene m'mabuku amati gamete, limatenga allele imodzi yokha pa ziwirizo. Chomera cha RR chimapanga ma gamete a R okhaokha. Cha rr chimapanga a r okhaokha. Cha Rr chimapanga theka a R, theka a r. Limeneli ndiye lamulo loyamba la Mendel, la kulekana kwa ma allele.

Bokosi la Punnett

Njira yosavuta yoonera zimenezi anaibweretsa Reginald Punnett wa ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mumajambula bokosi la zipinda zinayi. Pamwamba mumalemba ma gamete a kholo limodzi, m'mbali a kholo linalo, kenako mumadzaza zipindazo.

Mtanda woyamba wa Mendel unali RR × rr. Kholo lina likupereka R basi, lina r basi. Zipinda zonse zinayi ndi Rr. Ana onse osalala, koma aliyense wasunga r. Makwinya sanathe, anangobisala.

Mtanda wachiwiri unali Rr × Rr:

| | R | r |
|---|---|---|
| R | RR | Rr |
| r | Rr | rr |

Werengani ndi maso a munthu wongoona kunja: RR wosalala, Rr wosalala, Rr wosalala, rr wamakwinya. Atatu kwa mmodzi, 3:1. Imeneyi ndi ratio ya phenotype. Werenganinso potsata zilembo: RR mmodzi, Rr awiri, rr mmodzi. Imeneyi ndi 1:2:1, ratio ya genotype. Ophunzira ambiri amataya malikisi chifukwa chosokoneza ziwirizi. Funso likati phenotypic ratio, lembani 3:1 ndipo nenani atatuwo ndi otani, mmodziyo ndi wotani. Likati genotypic ratio, lembani 1:2:1 ndi zilembo zake.

Mwina mukuti, "Nanga Mendel anadziwa bwanji kuti mkati mwa 3 uja muli 1 ndi 2, pomwe zonse zimaoneka zosalala?" Funso labwino. Anadzalanso. Anatenga zomera 565 zochokera ku njere zosalala za F2, n'kuzisiya zidzibereke zokha. Mwa izo, 193 zinabereka njere zosalala zokhazokha, kusonyeza kuti zinali RR. Zina 372 zinabereka zosalala ndi zamakwinya zomwe, kusonyeza kuti zinali Rr. Gawani 372 ndi 193, mupeza 1.93, pafupifupi 2. Choncho pa njere zosalala zitatu zilizonse, ziwiri zinali zitabisa makwinya.

Chifukwa chiyani allele ina imabisala?

Musaganize kuti R amamenya r n'kumugonjetsa. Nkhani yake ndi ya ntchito. Allele ya R ili ndi malangizo opangira enzyme yothandiza kusandutsa shuga kukhala sitachi m'njere. Allele ya r ndi jini lomwelo koma malangizo ake anasokonekera, ndipo enzyme yake siigwira ntchito. Asayansi a ku Britain anatsimikiza zimenezi mu 1990. Njere ya rr imatsala ndi shuga wambiri, imamwa madzi ambiri ikamakula, ndiye ikauma imakwinyika. Njere ya Rr ili ndi allele imodzi yogwira ntchito, ndipo imeneyo imakwanitsa kupanga enzyme yoti njere ikhale yosalala. Zili ngati pakhomo pali zigayo ziwiri, china chafa. Ufa ukupezekabe, ndipo mlendo sangadziwe kuti china chinafa.

Choncho dominant sikutanthauza kuti allele ndi yamphamvu, yabwino, kapena yopezeka mwa anthu ambiri. Chitsanzo: kubadwa ndi kachala kowonjezera m'mbali mwa chala chaching'ono nthawi zambiri kumayenda ngati dominant, komabe anthu ambiri ali ndi zala zisanu.

3:1 si lonjezo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Bokosi la Punnett silinena kuti ana anayi oyamba adzakhala atatu otere, mmodzi wotere. Zipinda zinayizo si ana anayi. Ndi njira zinayi zimene gamete ya uku ingakumanirane ndi gamete ya uko, ndipo iliyonse ili ndi mwayi wofanana. Mwana aliyense payekha ali ndi mwayi wa 1 pa 4 wokhala rr, ndi wa 3 pa 4 wosakhala rr. Mawu oti mwayi pano ndi a masamu chabe, sakunena za zabwino kapena zoipa.

Mendel mwiniwake anaziona zimenezi. Pa zomera zake zija, chomera china chinabereka njere zosalala 43 ndi zamakwinya 2 zokha. China chinabereka zosalala 14 ndi zamakwinya 15. Akanangoyang'ana chomera chimodzi sakanapeza lamulo lililonse. Ndi pamene anaphatikiza njere zoposa 7,000 pomwe 3:1 inaonekera.

Yesani nokha, simufunika labotale. Pezani matumba awiri osaonekera mkati. M'thumba lililonse ikani nyemba zofiira 20 ndi zoyera 20 zofanana kukula. Thumba lina ndi bambo Rr, lina ndi mayi Rr. Yofiira ndi R, yoyera ndi r. Osasuzumira, tulutsani nyemba imodzi uku, imodzi uko. Ameneyo ndi mwana. Lembani, kenako bwezerani nyembazo m'matumba mwake n'kukhutchumula. Kubwezerako n'kofunika kwambiri, chifukwa kholo silitha ma allele chifukwa chobereka.

Chitani kanayi muone. Mwina simupeza zoyera ziwiri ngakhale kamodzi, mwina muzipeza kawiri. Pitirizani mpaka 100, kenako phatikizani ndi zotsatira za anzanu onse a m'kalasi. Mudzaona nambala ikuyandikira 1 pa 4 pamene "ana" akuchuluka. Mudzaonanso kuti thumba silikumbuka. Ngati mwangotulutsa zoyera ziwiri, ulendo wotsatira mwayi udakali 1 pa 4 womwewo.

Tibwerere kwa mwana uja

Khungu, tsitsi ndi maso zimatenga mtundu wake ku chinthu chotchedwa melanin, chimene thupi limapanga motsatira malangizo a majini. Mtundu wa ualubino wofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Sahara umachokera pa jini lotchedwa OCA2, lomwe lili pa chromosome nambala 15. Allele yogwira ntchito tiitche A, yosagwira bwino tiitche a. Ndi recessive, ngati makwinya aja.

Munthu wa AA ndi wakuda. Wa Aa ndi wakudanso, chifukwa chigayo chimodzi chikugaya. Iyeyu m'mabuku amati carrier: wanyamula a koma sizikuoneka, ndipo mwiniwake sadziwa. Munthu wa aa ndiye wachialubino.

Tsopano werengani chobwerera m'mbuyo, ngati wapolisi wofufuza. Mwana ndi aa. Allele imodzi inachokera m'dzira la mayi, ina mu umuna wa bambo. Mayi sangapereke zonse ziwiri. Ndiye ngati makolo onse ndi akuda, onse awiri ndi Aa. Achibale aja amati "kwathu kulibe" akulakwitsa: kulipo, kwangokhala kukuyenda mobisala kwa mibadwomibadwo. Munthu wa Aa akakwatirana ndi wa AA, palibe mwana angakhale aa, koma mwana aliyense ali ndi mwayi wa 1 pa 2 wonyamula a. Allele imatha kudutsa choncho kwa agogo, makolo ndi ana popanda wina kuizindikira, kufikira tsiku limene onyamula awiri adzakumane. Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu, koma Biology ikuwonjezera kuti mwana amatenganso zimene mwa make ndi mwa bambo wake sizioneka.

Palibe amene walakwa. Si zimene mayi anadya, si amene anakumana naye ali woyembekezera, si temberero. Sizipatsirana pogwirana chanza kapena kudyera mbale imodzi. Ndipo m'thupi la munthu wachialubino mulibe chizimba chilichonse cholemeretsa. Bodza limeneli laphetsa anthu m'dziko muno. Kusiyana kwake ndi kuchepa kwa melanin basi. N'chifukwa chake mnzanu wachialubino amafunika chipewa, zovala zamikono yaitali ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa, komanso kukhala kutsogolo m'kalasi popeza maso ake amavutika kuona patali.

Nanga banja la Aa × Aa likabereka ana anayi, zikhala bwanji? Tiyeni tiwerengere. Mwayi woti mwana mmodzi asakhale wachialubino ndi 3/4. Woti onse anayi asakhale ndi 3/4 × 3/4 × 3/4 × 3/4, zomwe ndi 81/256. Mukawerengera njira zonse, pa mabanja 256 otere a ana anayi tingayembekezere izi:

- 81 opanda mwana wachialubino
- 108 okhala ndi mmodzi
- 54 okhala ndi awiri
- 12 okhala ndi atatu
- 1 lokhala ndi onse anayi

Mwaona? Mabanja amene akutsata 3:1 ndendende ndi 108 pa 256, osafika n'theka lomwe. Choncho munthu akauza makolo kuti, "Poti woyamba ndi wachialubino, atatu otsatirawo akhala akuda," akuwanamiza, ngakhale akutchula nambala ya m'buku. Mimba iliyonse ndi kupisa m'thumba mwatsopano.

Nali funso limene limagwetsa ambiri. Mtsikana wakuda ali ndi mchimwene wake wachialubino, makolo awo ndi akuda. Mwayi woti mtsikanayu ndi carrier ndi wotani? Ambiri amathamangira 1/2 poona zipinda ziwiri za Aa pa zinayi. Koma tikudziwa kale kuti iye si aa, ndiye chipinda chimenecho chichotseni. Zatsala zitatu: AA, Aa, Aa. Yankho ndi 2/3. Ndi nambala yomwe ija Mendel anaipeza pa zomera 372 mwa 565.

Sickle cell imayendanso chomwechi

Matenda a sickle cell, amene amapezekanso m'Malawi muno, amatsata bokosi lomweli. Jini lake ndi la haemoglobin, puloteni yonyamula mpweya wa okosijeni m'maselo ofiira a magazi. Allele yabwinobwino imalembedwa A, yosinthika imalembedwa S. Munthu wa SS amadwala: maselo ake ofiira amapindika ngati chikwakwa, amatseka timitsempha, amafa msanga, ndipo munthu amamva ululu komanso amachepa magazi. Munthu wa AS nthawi zambiri amakhala wathanzi. Makolo awiri a AS ali ndi mwayi wa 1/4 wa mwana wa SS, 1/2 wa AS, ndi 1/4 wa AA pa mimba iliyonse.

Chochititsa chidwi n'chakuti anthu a AS amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu. Ndiye m'madera a malungo, allele ya S yakhala ikupitirira chifukwa onyamulawo ankapulumuka ali ana. Kusiyana ndi ualubino n'kwakuti pano kuyeza magazi kumatha kuonetsa ngati munthu ndi AS, choncho anthu ofuna kukwatirana angadziwiretu n'kukambirana ndi achipatala.

Kudziwa chobisika: test cross

Pa zomera ndi ziweto pali njira yoululira chobisika popanda makina. Tinene kuti muli ndi chomera cha nsawawa chachitali. Chingakhale TT kapena Tt, ndi maso simungadziwe. Chikwatitseni ndi chachifupi, chomwe ndi tt mosakayikira. Ngati chanucho ndi TT, ana onse akhala Tt, aataliatali. Ngati ndi Tt, pafupifupi theka akhala Tt, theka tt, ratio ya 1:1. Mwana mmodzi yekha wamfupi akatuluka, mlandu watha: kholo lija ndi Tt. Koma mukapeza ana atatu okha onse aatali, musafulumire kunena kuti ndi TT, chifukwa kholo la Tt likhozanso kuchita zimenezo kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu. Pamafunika ana ambiri.

Nzeru yomweyi ndi imene ili kuseri kwa malangizo a alangizi a zaulimi oti chimanga cha haibulidi osachibwereza. Mbewu yogula ija ndi F1, yofanana munda wonse. Mukasunga zokolola zake n'kudzala, mwadzala F2, ndipo zimene zinabisala zimayamba kutulukira: mapesi ena aatali ena aafupi, zisononkho zosiyanasiyana, zokolola zotsika. Pa chimanga majini ake ndi ambiri, osati limodzi, koma kulekana kwake ndi komweko.

Pamene 3:1 siigwira

Samalani, si khalidwe lililonse limene limalowa m'bokosi la zipinda zinayi. Msinkhu wa munthu komanso kuda kapena kuyererako kwa khungu mwa anthu amene si achialubino zimalamulidwa ndi majini ambirimbiri, ndipo msinkhu umadaliranso zakudya. N'chifukwa chake m'kalasi mwanu mulibe magulu awiri okha, aatali ndi aafupi, koma misinkhu yonse.

Pena palibe allele yobisa inzake. Maluwa otchedwa snapdragon, ofiira akakwatitsidwa ndi oyera, ana ake amakhala a pinki. Mwina mungati, "Si mkaka mu tiyi uja uwu?" Ayi. A pinkiwo akaberekana, pamatuluka ofiira, a pinki ndi oyera pa ratio ya 1:2:1. Ma allele sanasungunuke. Pa magulu a magazi, munthu wolandira allele ya A kwa kholo lina ndi ya B kwa linalo amakhala wa gulu AB, zonse ziwiri kuonekera. Palinso majini okhala pa chromosome ya X, monga la haemophilia, amene amayenda mosiyana mwa anyamata ndi atsikana. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chinanso: zopinda lilime zija timakonda kuchita m'kalasi ndi zosangalatsa, koma kafukufuku anasonyeza kuti sizitsata jini limodzi bwinobwino. Musapite kunyumba kukayeza malilime a makolo anu n'kuyamba kukayika ngati ndinu mwana wawo.

Poyankha mayeso

Funso la mtanda likabwera, tsatani ndondomeko iyi ndipo musadumphe sitepe, chifukwa iliyonse ili ndi malikisi ake. Nenani kaye chilembo chilichonse chikuimira chiyani. Sankhani chilembo chimene chachikulu ndi chaching'ono zimasiyana bwino, monga A ndi a kapena T ndi t, osati S ndi s kapena C ndi c zomwe polemba mothamanga zimafanana. Lembani phenotype ya makolo, kenako genotype yawo, kenako ma gamete, aliyense ndi chilembo chimodzi chokha. Jambulani bokosi, dzazani, ndipo malizani ndi ma ratio onse awiri. Funso likayambira kwa ana, yambani ndi wa recessive, chifukwa ndi yekhayo amene genotype yake imadziwika pongomuona.

Yesani awa m'kope:

1. Bambo wachialubino wakwatira mayi wakuda amene bambo wake anali wachialubino wa mtundu womwewo. Mwayi woti mwana wawo woyamba akhale wachialubino ndi wotani?
2. Mbira ziwiri zakuda zabereka mwana woyera. Lembani genotype ya makolo onse ndi ya mwanayo.
3. Makolo a AS × AS ali kale ndi ana awiri a SS. Mwayi woti wachitatu akhalenso SS ndi wotani?

Mayankho ake: pa loyamba, mayiyo analandira a kwa bambo wake, ndiye ndi Aa, ndipo aa × Aa imapereka 1/2. Pa lachiwiri, makolo onse ndi Bb, mwana ndi bb. Pa lachitatu, ndi 1/4. Ngati munayankha china pa lachitatuli, bwererani ku matumba a nyemba aja.

Mendel anafotokoza zimene anapeza pa misonkhano iwiri ku Brno mu 1865, ndipo zinasindikizidwa mu 1866. Asayansi a nthawi yake sanazilabadire. Mu 1868 anasankhidwa kukhala mkulu wa nyumba ya ansembe ija, ntchito za muofesi zinamuchulukira, ndipo anamwalira mu 1884 asanaone phindu la ntchito yake. Mu 1900 ndi pamene Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak anafalitsa zotsatira zofanana ndi zake, anthu n'kuyamba kuwerenga pepala lake lija.

Inu mwazimva muli ku sekondale. Ndiye tsiku lina mukadzamva azakhali kapena amalume akuloza chala mayi wa mwana wachialubino, musadzayambe ndi mkangano. Pemphani mwaulemu, tolani kamtengo, jambulani zipinda zinayi pansi, mulembe Aa pamwamba ndi Aa m'mbali, kenako muwaonetse kumene a wachiwiriyo anachokera.